NDEGE YANKHONDO: KUPANGA KAPENA KUGULA?

Ndege ikamatsikira ku bwalo la Chileka, ana a ku Machinjiri ndi ku Chilomoni amaleka masewera awo nayang'ana kumwamba kufikira itabisika kuseri kwa mapiri. Ena mwa iwo sakhutira ndi kupenya kokha. Amatola mawaya, zitsekerero za mabotolo ndi mphira, napanga kandege kawo kokhala ndi mapiko ndi mawilo, kamene amakayendetsa m'fumbi ndi bango lalitali. Pa msika wa Ndirande napo pali akulu awo a anawa, amisiri okhoma malata ndi owotcherera zitsulo, amene amatenga chitsulo chotayidwa nachisandutsa mbaula, ndowa, chitseko kapena wilibala. Munthu woona luso lotere salephera kudzifunsa kuti: kodi dziko lokhala ndi manja oterewa lidzagula kunja chinthu chilichonse chouluka mpaka liti?

Funso limeneli lavutitsanso maiko olemera. Pa zida zonse zimene boma lingagule, ndege yankhondo ili m'gulu la zokwera mtengo koposa, ndipo nthawi yogula ikakwana pamabuka magulu awiri. Gulu lina limati ndalama zisatuluke, ana a dziko apange ndege yawoyawo, ngakhale kutero kutanthauze kufukula mapulani akale amene adaikidwa pambali. Gulu lina limati kupanga n'kutaya nthawi ndi chuma, kuli bwino kugula ndege yopangidwa kale imene ena adaiyesa. Maiko a Canada, South Africa ndi Zambia adakumana nayo nkhaniyi, lililonse mwa njira yake, ndipo zimene zidawachitikira zili ndi phunziro kwa dziko lino.

M'zaka za m'ma 1950, pamene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, anthu a ku Canada ankaopa kuti ndege za Soviet Union zonyamula mabomba zidzadzera kumpoto, kudera la chisanu, ndi kufika pamwamba pa mizinda yawo. Motero kampani ya Avro Canada, imene fakitale yake idali ku Malton pafupi ndi mzinda wa Toronto, idapatsidwa ntchito yopanga ndege yaliwiro yoti izikumana ndi ndege za adani zisanafike kumene kuli anthu. Ndegeyo idatchedwa Arrow, kutanthauza muvi. Idaonetsedwa kwa anthu pa 4 Okutobala 1957, ndipo idauluka koyamba pa 25 Malichi 1958, woyendetsa wake ali Jan Zurakowski. Poiyesa idathamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro limene mau amayendera mumpweya. Panthawiyo zidali ndege zowerengeka chabe pa dziko lonse lapansi zimene zikadapikisana nayo.

Koma mtengo wake unkakwera chaka ndi chaka. Maiko a America ndi Britain, amene ankayembekezeka kuti mwina agulako, sadafune, popeza adali ndi mafakitale awoawo oti awadyetse. Ndiponso tsiku lomwe Arrow idaonetsedwa ndi tsiku limene Soviet Union idaponya Sputnik m'mlengalenga, ndipo akuluakulu ambiri adayamba kukhulupirira kuti nkhondo ya m'tsogolo idzamenyedwa ndi mizinga youluka yokha, imene ndege singathe kuithamangitsa. Pa Lachisanu, 20 Febuluwale 1959, nduna yaikulu John Diefenbaker adalengeza m'nyumba ya malamulo kuti ntchito yopanga Arrow yathetsedwa. Tsiku lomwelo anthu oposa 14,000 adachotsedwa ntchito. Ndege zisanu zimene zidali zitauluka kale zidadulidwa zidutswazidutswa, ndipo mapulani ambiri pamodzi ndi zipangizo zopangira ndegeyo zidaonongedwa.

Chitayiko chachikulu sichidali chitsulo chimene chidadulidwacho. Mainjiniya amene adatha zaka zambiri akuphunzira kupanga ndege yotere adabalalika. Oposa 25 mwa iwo, motsogozedwa ndi Jim Chamberlin, adawolokera ku America nakalowa ntchito ku bungwe la NASA, ndipo nzeru zawo zidathandiza pa ntchito imene idafikitsa munthu ku mwezi mu 1969. Canada idalima, America idakolola. Mu 1961 boma la Canada lidalandira ndege 66 za mtundu wa Voodoo kuchokera ku America, ndege zimene asilikali a kumeneko adali atazigwiritsapo kale ntchito.

Chilonda chimenechi sichidapole m'mitima ya anthu a ku Canada. Mu 2012, pamene boma lawo linkaganiza zogula ndege za F-35 za ku America, mkulu wa asilikali wopuma pa ntchito, Lewis MacKenzie, adachirikiza poyera maganizo akuti Arrow iukitsidwe: mapangidwe ake akale atengedwe, aikidwe injini ndi makina a masiku ano, ndipo ipangidwire m'dziko momwemo. Ambiri adasangalala ndi maganizowo, koma boma la Stephen Harper lidawakana, ponena kuti ntchitoyo ingadye nthawi yaitali ndi ndalama zochuluka popanda chitsimikizo chakuti ingatheke.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndege yankhondo sithupi lake lokha limene maso amaona. M'kati mwake muli injini, makina a radar oonera adani patali, makompyuta oiwongolera ndi zida zoombera, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafuna fakitale yake ndi amisiri ake. Arrow idapangidwira kuthamangitsa ndege zikuluzikulu zonyamula mabomba, pamene ndege za masiku ano zimapangidwa m'njira yoti radar isazione msanga. Kuonjezera apo, patapita zaka 53, amisiri amene ankadziwa chifukwa chimene chitsulo chilichonse chidaikidwira pamalo pake adali atakalamba kapena atamwalira. Pulani ya papepala imauza munthu chimene chidapangidwa, koma nzeru zimene zidali m'mitu ndi m'manja mwa opangawo sizilembeka zonse. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Mu Januwale 2023 boma la Canada lidalengeza kuti ligula ndege 88 za F-35 pa mtengo wa madola 19 biliyoni a dzikolo. Komabe nkhaniyo siidathere pomwepo. Mu Malichi 2025, ubale wa Canada ndi America utasokonekera kaamba ka misonkho ya malonda, nduna yaikulu Mark Carney adalamula kuti mgwirizanowo uunikidwenso. Nkhawa idali yakuti wogulitsa ndege ndi yemwenso amasunga zitsulo zosinthira ndi mapulogalamu a makompyuta ake. Tsiku limene wogula ndi wogulitsa ayambana, ndege yogula ija ingathe kukhala pansi ngati nkhuku yothyoka phiko.

Kufupi kuno, dziko la South Africa, kumene Amalawi ambiri akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira nthawi ya migodi, lidayenda njira zonse ziwiri. Mu Novembala 1977 bungwe la United Nations lidaletsa maiko onse kugulitsa zida zankhondo ku boma la tsankho la dzikolo. Posowa kogula, kampani ya Atlas ya ku Kempton Park, pafupi ndi Johannesburg, idatenga ndege zakale za Mirage III zimene zidagulidwa ku France, niziphwasula ndi kuzimanganso mothandizidwa ndi akatswiri a ku Israel. Ndege imene idatuluka pamenepo idatchedwa Cheetah, ndipo idaonetsedwa mu 1986. Atlas idatha kuchita zimenezi popeza kwa zaka pafupifupi 20 amisiri ake ankalumikiza ndege za Impala, zimene mapulani ake adagulidwa ku Italy. Adayamba ndi kutsata pulani ya mwini, kenaka adaphunzira kukonza, pambuyo pake ndi pamene adayamba kusintha.

Atafika pamenepo adafuna kupanga ndege yatsopano kotheratu, yotchedwa Carver. Koma nkhondo ya ku Angola itatha ndipo tsankho litayamba kugwa, boma la F.W. de Klerk lidathetsa ntchitoyo mu 1991, ndege ngakhale imodzi isanauluke. Mu 1999 boma latsopano lidasankha kugula kunja, ndipo pamapeto pake lidalandira ndege 26 za Gripen kuchokera ku kampani ya Saab ya ku Sweden. Ndege za Cheetah zidapumitsidwa mu 2008, ndipo 12 mwa izo zidagulitsidwa ku dziko la Ecuador. Gripen ndi ndege yabwino, koma kumapeto kwa 2021 zonse zidaimitsidwa, ndipo zidakhala pansi pafupifupi chaka chathunthu chifukwa ndalama zidachepa ndipo mgwirizano wozikonzera udali utatha. Dziko limene lidali ndi mafakitale aakulu koposa kum'mwera kwa Africa lidakhala miyezi yonseyo lopanda ndege yoteteza mlengalenga wake.

Ndege imodzi yopangidwa ku South Africa ili ndi mbiri yokhudza Amalawi. Imeneyi ndi helikopita yankhondo yotchedwa Rooivalk, imene idauluka koyamba mu 1990. Mu 2013 bungwe la United Nations lidakhazikitsa gulu lapadera la asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi kuti likalimbane ndi zigawenga kum'mawa kwa Congo, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ndege za Rooivalk zidaphwanya malinga a zigawenga za M23 m'mapiri a kumeneko. Ndegeyo idaonetsa kuti ntchito imaitha. Koma zidapangidwa 12 zokha, palibe dziko lina limene lidagulako, ndipo ngakhale pambuyo pake padakambidwa zoyambiranso kuzipanga, kufikira 2024 panalibe Rooivalk yatsopano imene idatuluka m'fakitale. Fakitale ya ndege imafanana ndi chigayo: ikasowa obwera ndi chimanga, injini imazima ndipo antchito amamwazikana.

Dziko la Zambia lidaphunzira mbali ina ya nkhaniyi. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za boma la Ian Smith la Rhodesia zidaphulitsa msasa wa omenyera ufulu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka. Mtsogoleri wa ndegezo adalankhula pa wailesi ndi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka, nawachenjeza kuti ndege za Zambia zisayerekeze kunyamuka. Manyazi otere palibe dziko limene lingawapirire, ndipo mu 1980 boma la Kenneth Kaunda lidagula ndege za MiG-21 ku Soviet Union. Mu Epulo chaka chomwecho Zimbabwe idalandira ufulu, kotero kuti mdani amene adachititsa manyaziwo adachoka, ngakhale kuti chiopsezo cha South Africa wa tsankho chidatsala. Patapita zaka ndegezo zidaleka kuuluka. Chida chimagulidwa poyang'ana mdani wa lero, pamene ngongole yake ndi mtengo wochisamalira zimakhala zaka makumi.

Nanga dziko lino? Malawi sadakhalepo ndi ndege yankhondo ya mtundu wa Arrow, Cheetah kapena MiG. Nthambi ya ndege ya asilikali idakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi West Germany, likulu lake lili ku Zomba, ndipo ndege zake zakhala zonyamula anthu ndi katundu, monga za Dornier za ku Germany ndi za helikopita za ku France. Wina anganene kuti tsono mkangano wa kupanga kapena kugula sukukhudza dziko lino, pakuti chalaka bakha nkhuku singatole. Pa za kupanga ndege yothamanga kuposa mau, zimenezo n'zoona, ndipo kunamiza ana a sukulu kuti zingatheke posachedwa kungakhale kuwalakwira. Koma funso lenileni limene lili pansi pa mkanganowu, lakuti dziko ligule ndege yotani ndipo aisamale ndani, lidafika kale pakhomo kawiri konse, ndipo kawiri konseko lidafika ndi maliro.

Pakati pa mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwa pa chigawo cha kum'mwera. Phiri la Soche lidagumuka, matope ndi miyala zidakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo mitsinje yodutsa m'Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri idasefukira nikokolola nyumba za m'mphepete mwake. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje milatho idaduka, ndipo midzi yambiri idakhala ngati zilumba, kumene galimoto silikadatha kufikako. Chimene chinkafunika masiku amenewo ndi ndege ya helikopita yotha kutera pabwalo la sukulu ndi ufa, mankhwala ndi mabulangete, ndi kunyamukapo ndi odwala. Zimene dziko lidali nazo sizidakwane, ndipo maiko a Tanzania ndi Zambia adatumiza zawo kudzathandiza. Adachita za chinansi, ndipo ayenera kuyamikidwa. Komabe namondwe salemekeza malire: Freddy yemweyo adasakazanso Mozambique, ndipo tsiku lina anansi onse adzakhala otanganidwa ndi maliro a kwawo.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228, yopangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980, idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima. Nyengo idali yoipa, ndegeyo siidathe kutera ku Mzuzu, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 amene adali m'menemo adamwalira, ndipo ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene adafufuza ngoziyo adapeza kuti ndegeyo idalibe makina osunga mau a oyendetsa ndi mbiri ya ulendo. Adapezanso kuti kachipangizo kamene kamaitana opulumutsa ndege ikagwa kadali ndi batire limene nthawi yake idatha mu 2004. Batire silikadaletsa ngoziyo, pakuti ntchito yake imayamba ndege itagwa kale. Koma limaonetsa kuti moyo wa ndege uli m'tinthu ting'onoting'ono timene timafuna ndalama zoikidwa padera chaka chilichonse, ndi munthu wokhala ndi buku m'manja, woona masiku ndi kusintha chimene nthawi yake yakwana.

Apa ndi pamene nkhani za maiko anayiwa zikukumana. Canada idali ndi amisiri niwabalalitsa, ndipo itawafuna patapita zaka sidawapezenso. South Africa idagula ndege zabwino nisowa ndalama zozisamalira. Zambia idagula poyang'ana mdani amene adali pafupi kuchoka. Malawi adaona kuti mdani amene wapha anthu ochuluka m'zaka zapitazi ndi madzi, mphepo ndi mtunda wosafikika. Kugula pakokha sikolakwika, pakuti ngakhale Sweden, imene imapanga Gripen, injini yake imachokera ku mapangidwe a ku America. Cholakwika ndi kugula chitsulo ndi kusiya nzeru zake kwa wogulitsa. Dziko lanzeru likamagula ndege limalembetsa mu mgwirizano kuti ana ake akaphunzire kuiphwasula ndi kuimanga, kuti zitsulo zosinthira zizipezeka zaka zambiri, ndi kuti ntchito iliyonse yotheka kuchitidwa kwawo ichitikire kwawo. Ndi m'mene Atlas idayambira.

Anthu a m'Ndirande safunika kuuzidwa za m'mene luso limafera. Pafupi ndi kwawo pali dera la mafakitale la Makata, kumene fakitale ya nsalu ya David Whitehead inkalemba ntchito anthu zikwi ndithu, ndipo achikulire akukumbukira wailesi za Nzeru zimene zinkalumikizidwa mu Blantyre momuno. Misika itatseguka m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi katundu wotsika mtengo wa kunja zidasefukira, ntchito za m'mafakitale zidachepa, ndipo amisiri ambiri adabwerera kumudzi kapena kulowera ku South Africa. Makina atha kugulidwanso mawa ndalama zitapezeka, koma munthu wodziwa kumva kulira kwa makina ndi kuzindikira chimene chavuta amatenga zaka kuti apangike.

Poyambira palipo. Mu Juni 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF lidatsegula ku Kasungu malo oyeserako tindege topanda woyendetsa, totchedwa drone. Chaka chomwecho ophunzira a dziko lino, mothandizidwa ndi aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, adalumikiza okha kandege kotere, ndipo kadauluka kokha mtunda wa makilomita 19. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti ndiponso kuwerenga zithunzi zimene timajambula. Kandege kotere sikathamangitsa mdani, koma kamanyamula mankhwala ndi magazi kupita ku chipatala chimene mseu wake waduka, ndipo kamaonetsa opulumutsa kumene madzi afika. Ameneyu ndi msinkhu wa ndege umene dziko lino lingathe kupanga ndi manja ake lero. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kwa wachinyamata amene wangotsiriza Fomu 4 ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, nkhaniyi ili ndi mau amodzi. Ambiri amalota zoyendetsa ndege, popeza woyendetsa ndiye amaoneka ndi yunifolomu yoyera. Koma kuseri kwa woyendetsa mmodzi kuli amakaniko a injini, amisiri a magetsi, a wailesi, olosera zanyengo ndi osunga mabuku a zitsulo, ndipo popanda iwowa ndege siinyamuka, kapena imanyamuka pamene siidayenera kutero. Njira yolowera ku ntchito zimenezi imadzera m'masamu ndi sayansi, ndipo makomo ake ali pafupi: sukulu ya ntchito zamanja ya Soche, ndi sukulu ya Polytechnic ya ku Chichiri, imene kuyambira 2021 ndi yunivesite yodziimira payokha ya MUBAS.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo. Mwana amene amabwera m'kalasi ndi kandege ka mawaya m'thumba kawirikawiri amalandidwa kandegeko nauzidwa kuti asiye zachibwana. Mphunzitsi wina amakatenga, nakaika pa tebulo, nafunsa kalasi yonse chifukwa chimene mapiko a ndege yeniyeni amakhala okhotera pamwamba ndi osalala pansi, ndi chifukwa chimene kandege ka mawaya sikangathe kunyamuka ngakhale mwini wake atathamanga chotani. Phunziro la mpweya ndi kulemera kwa zinthu limalowa tsiku lomwelo, ndipo mwanayo amapita kwawo atadziwa kuti chimene manja ake amakonda chili ndi dzina ndi malo m'mabuku. Namondwe wina adzabwera ndithu, ndipo ndege imene idzapita kukatenga anthu pa madenga idzakhala yogula kunja. Chimene chili m'manja mwa dziko lino ndi chakuti m'mawa umenewo padzapezeke mmisiri wa konkuno amene adaisamala, ndi kuti injini yake idzalire.